Mzere wa pa Mchombo wa Mfumu

Dziko la Pepani simungalipeze pamapu, koma mukadwala mumalizindikira msanga. M'dzikomo munkalamulira Mfumu Yaikulu Chikhutiro Wachitatu, munthu wamtali ngati mlongoti, wokonda anthu ake kwambiri, makamaka akamawaonera patali. Chaka china mfumuyi inadzuka ndi chifundo. Zimawachitikira mafumu zoterezi, monga mmene ife timadzukira ndi chimfine, ndipo zikatero nduna zimadziwa kuti mankhwala ake ndi msonkhano basi.

Nduna zitasonkhana m'bwalo la kunyumba yachifumu, mumzinda wa Bweranimawa, mfumu inaimirira pansanja yake n'kupukusa mutu.

"Okalamba a m'dziko langa akuvutika," inatero. "Ndamva kuti ena akumafa kumene."

"Zoona, Mwini Dziko," nduna zinavomera pamodzi. "Ena akumafa ndithu."

"Zithe zimenezo. Kuyambira lero wokalamba aliyense akadwala, boma lizimulipirira kuchipatala. M'mayiko a anzathu amati inshuwalansi. Ife tiziti Chishango cha Agogo."

M'manja munaombedwa mpaka nkhunda za padenga zinathawa. Phokoso litazirala kunamveka kachifuwa kouma kuchokera kumapeto kwa benchi. Anali a Zathakale, msungichuma wa ufumu, amene ntchito yawo yaikulu inali kutsokomola pa nthawi ngati imeneyi.

"Mwini Dziko, mawu anu ndi mvula," anatero a Zathakale. "Kungoti titamanga nyumba yogona galimoto zanu zija, m'thumba munatsala zokwanira theka la okalamba. Theka linalo sindikudziwa kuti tilitani."

Nkhope ya mfumu inachita mdima. Iyo sinali mfumu yosankha ana ake, inatero, ndipo wouza anthu kuti uyu alowe uyu atsale adzafunika kusanzikiratu banja lake. Nduna zinayamba kuyang'ana nsapato zawo mwachidwi. Apa ndi pamene anadzuka a Mkamwamwauchi, Nduna ya Zaumoyo ndi Madalitso Ena, munthu amene sanagonjepo kwa vuto lililonse lotheka kulithetsa ndi pakamwa.

"Mwini Dziko, a Zathakale alakwitsa masamu. Sitisankha theka la okalamba ayi. Titenga okalamba onse, koma aliyense timuteteza theka."

"Theka liti?" inafunsa mfumu.

"Lakumtunda, Mwini Dziko. Kumtunda kuli manja okuomberani, kuli pakamwa pokuimbirani, kuli mutu wosenzera msonkho wanu. Nanga kumunsi kuli chiyani? Miyendo. Ndipo miyendo ndi imene imathawitsa anthu kupita kumaufumu ena."

Mfumu inamwetulira, ndipo nduna zinasiya kuyang'ana nsapato. Panatsala funso limodzi lokha: theka la munthu limathera pati? Anthu a ku Pepani amabadwa mosalongosoka, ena aatali ena aafupi, choncho boma silikanadalira ziuno zawo. Anagwirizana kuti muyezo ukhale mchombo wa mfumu. Anaitana mmisiri wopaka penti, amene anabwera chokwawa ndi chingwe chake, nayeza kuchokera pansi pamene anagwada kukafika pamchombo wachifumu. Mfumu inali idakali pansanja yake ya masitepe, koma kodi ndani akanaiuza kuti itsike? Sabata isanathe, pakhoma la chipatala chilichonse cha m'dzikomo panali mzere wofiira. Chilichonse chopezeka pamwamba pa mzerewo chinali cha boma. Kwa munthu wamba woongoka bwino, mzerewo unkadutsa pachifuwa.

Tsono ku Pepani kuli mwambo umene anthu ake amanyadira kuposa mbendera. Munthu woleredwa bwino saimirira patsogolo pa tebulo la boma. Amayi amagwada, abambo amanjuta chipewa chili m'manja. Palibe lamulo lolembedwa lonena zimenezi, ndipo palibe wapolisi amene anamenyapo munthu chifukwa choimirira. Anthu amangotero okha, ndipo okalamba ndiwo amaposa onse, poti iwo ndi eni mwambo. Ndiye agogo ankabwera kuchipatala ndi mitu yowawa, zifuwa zolira ngati mvukuto, maso aufa, zonse zakumtunda zokhazokha, n'kufikira kugwada patebulo. Kalaliki ankasuzumira, n'kuona mzere uko, agogo uku, n'kunena mwaulemu kuti palibe chimene chaonekera pamwamba. Agogo ankathokoza n'kubwerera kwawo. Zinkayenda bwino kwambiri.

Pamsika wa Tingotero, pakhonde la sitolo ina yotsekedwa, pankakhala telala wina wokalamba dzina lake a Dafuleni. Makina awo anali opalasa ndi phazi, akale, olira ngati akukangana ndi munthu. Pambali pawo pankakhala akazi awo a Nachisale ndi simbi yamakala, kusita zimene amuna awo asoka. Anthu awiriwa anakalambira pakhonde limenelo. Ana awo anali atabalalikira kumaufumu ena, kutsimikizira mawu a nduna pa nkhani ya miyendo, choncho chakudya cha m'nyumbamo chinkachokera ku phazi la a Dafuleni. Likapalasa, anadya. Likaima, anagona ndi njala.

A Nachisale analinso ndi udindo wina. Anali mlangizi wa atsikana okalowa m'banja, ndipo theka la akazi a mumzindawo anaphunzira kugwada kwa iwo. Ankadziwa kugwada kopereka madzi, kugwada kolandira mlendo, kugwada kopepesa usanalakwe. Akamadutsa pamsika amayi ankatsinana n'kumati, "Ulemu uja ndi uwo ukupita apowo." A Nachisale ankamva, ndipo zinkawakomera.

Tsiku lina lamphepo lata linasomphoka padenga la khondelo n'kuwakhadzula a Dafuleni pamsongolo wakumanzere. Kanali kabala kakang'ono, koti mwana akanaseka nako. Koma a Dafuleni anali ndi matenda a shuga, ndipo kabalako kanakana kupola. Kanayamba kudya mnofu, kutulutsa madzi, n'kusanduka chilonda chenicheni. A Nachisale atatopa ndi madzi amchere anati, "Abambo, tiyeni kuchipatala. Si paja mfumu inatipatsa Chishango?"

Anapita kuchipatala chachikulu cha Mulungualipo. A Nachisale anagwada kugwada kwawo kwa pa zikondwerero, a Dafuleni ananjuta movutikira atatambasula mwendo wodwalawo. Kalaliki wa patebulo, a Lekeleni, anawasuzumira.

"Pepani agogo, palibe chimene chili pamwamba pa mzere."

"Bwana, ndi chilonda chabe," anatero a Nachisale motsitsa mawu. "Mukangotipatsa kamankhwala kopaka ndi bandeji, ife tizipita."

"Chili pati?"

"Pamsongolo, bwana."

A Lekeleni anaseka mokoma mtima. "Pamsongolo! Agogo, chimenecho ngakhale madalawa akanaimirira, Mulungu atikhululukire, sichikanafika. Kumeneko si kwa boma. Koma musataye mtima. Chilonda chikadzakwera n'kufika pamzere, boma lidzachilandira ndi manja awiri. Pakadali pano onanani ndi a tebulo ilo."

Tebulo linalo linali ndi nsalu yoyera ndi maluwa apulasitiki. Linali la Kampani ya Zakumunsi, imene inabadwa tsiku limodzi ndi mzere wofiira, ndipo mwini wake, mwangozi chabe, anali mlamu wake wa mfumu. Kuseri kwa maluwawo kunali a Kamphinda, bambo wonenepa wa tayi yobiriwira, amene anawalandira ngati abale otayika.

"Makolo anga! Boma lakusungirani kumtunda, ife tikusungirani kumunsi. Munthu azikhala wathunthu. Tili ndi Chishango cha Bondo, chochokera pamzere kulekeza pabondo. Tili ndi Chishango cha Katumba, chotsika mpaka pakakolo. Kwa makolo odzikonda tili ndi Chishango cha Chidendene, chofika pansi penipeni, zala zokha ndiye timawerengera padera. Mwendo uliwonse uli ndi mtengo wake, chifukwa sitikakamiza munthu kuteteza mwendo umene saukonda."

A Nachisale anafunsa mtengo wa Chishango cha Katumba. Atauzidwa, anafunsanso, poganiza kuti bamboyo wamva ngati akufunsa mtengo wa chipatala chonse. A Dafuleni anayamba kufufuza ndodo yawo kuti azipita.

"Musathamange, madala," anatero a Kamphinda. Anazungulira tebulo, nawerama, nayang'ana chilondacho ngati wogula mbuzi. "Muli ndi mwayi inu. Chilonda ichi n'chokwera. Ndaziona zambiri ine, ichi sichikhalitsa pamsongolo. Gulani cha Bondo, chotsika mtengo, muchidikirire kumtunda. Chikangofika, chidzatipeza ife tili tcheru."

Nzeru imeneyi inawamvekera a Dafuleni. Anagulitsa njinga yawo, poti mwendo wopalasira unali utayamba kale kukana, n'kugula Chishango cha Bondo cha mwendo wakumanzere. Kuyambira pamenepo m'nyumba mwawo munalowa chinthu chachilendo. M'mawa uliwonse a Nachisale ankamasula nsanza, osadziwa choti apemphere: chilonda chipole, kapena chikwere msanga. Zinkawawawa mumtima zimenezi, ndipo ankadzida poona kuti tsiku limene chakwerako pang'ono mtima wawo unkakhala pansi.

Pamsika nkhani ya mzere inali ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Abiti Sumani, mayi wogulitsa usipa moyang'anana ndi khonde la a Dafuleni, ndiwo ankaiyambitsa.

"Ine amayi anga ndawauza kuti asamadwale mwachisawawa," ankatero. "Akafuna kudwala azidwala chipewa. Chipewa chokha ndicho chimafika pamzere."

"Inu mukunena chipewa," anayankha wometa wa pansi pa mtengo wa mbawa. "Malume anga anapita ndi dzino. Anawauza kuti dzino ndi la boma ndithu, koma alibweretse lili pamwamba. Anabwerera, anakalizula ndi pulayala, n'kukaliika pashelefu ya kalaliki. Pano dzinolo likulandira chithandizo."

"Nanga malumewo?"

"Tinaika mwezi watha."

Anthu anaseka, poti ku Pepani chinthu chikapweteka kwambiri amachiseka. Pafupi pomwepo mkazi wa a Lekeleni anali atayala mphasa yodzaza mabotolo ndi mapiritsi okhala ndi chidindo cha boma. Mankhwalawo ankasowa owamwa kuchipatala, ndiye banjalo linkawachitira chifundo powatulutsa kuti akaone anthu. A Nachisale anagulapo kangapo mapiritsi ofiira ndi achikasu, posankha mtundu umene unkaoneka waukali. Chilonda sichinawalabadire.

Mvula itatha, chilonda chinafika pabondo. Mwendo unali utatupa, utada, ndipo fungo lake linkathamangitsa makasitomala pakhonde. A Nachisale anabwereka wilibala kwa wogulitsa makala, nakweza amuna awo, nawakankha mpaka patebulo la maluwa apulasitiki. Anagwada.

"Bwana, chafika."

A Kamphinda anatseka mphuno ndi tayi yawo n'kusuzumira. "Chafikadi. Koma amayi, chilonda ichi chinabadwira kuti?"

"Pamsongolo, bwana. Munachiona nokha."

"Eya, ndiye vuto lake limenelo. Chishango cha Bondo chimateteza zilonda zobadwira m'dera lathu. Ichi n'chobwera. Chinayambira kwa eni ake a Katumba, kumene inu simunalipire, ndiye changolowa kwathu popanda chilolezo. Tikachilandira, mawa zilonda zonse za kumapazi zidzasamukira kuno."

"Koma munati tichidikirire kumtunda."

"Ndipo mwachidikirira bwino, amayi, ndikukuyamikirani. Sungani khosi, mkanda woyera mudzavala. Chikapitirira ulendo wake chidzafika kwa boma."

A Nachisale anatsegula pakamwa, koma zaka zonse zophunzitsa ana a eni kuti mkazi sakweza mawu zinawaletsa. Anati zikomo. Anakankha wilibala kubwerera kunyumba, misozi ikugwera pamsana pa amuna awo.

Makina anaima. A Dafuleni anayesa kupalasa ndi phazi lakumanja lokha, koma kugwedezeka kulikonse kunkawalasa mpaka m'mutu. Anafunditsa makinawo chiguduli. Kwa a Nachisale chete ameneyo anali woopsa kuposa fungo. Anakwatiwa akumva kulira kwa makinawo, analera ana akukumva, ndipo tsopano pakhonde pankangomveka ntchentche.

"Nachisale," anatero a Dafuleni tsiku lina masana, atagona pamkeka, "usavutike nane. Mwina chikafika pachifuwa adzandilandira."

"Chikafika pachifuwa adzakulandirani ndi a kumanda," anayankha a Nachisale. Aka kanali koyamba kuwayankha amuna awo mokalipa, ndipo onse awiri anadabwa.

Masiku omwewo wailesi ya ufumu inalengeza uthenga wabwino. Chikhazikitsireni Chishango cha Agogo, palibe wokalamba ngakhale mmodzi amene anapezeka ndi matenda m'zipatala zonse za dziko la Pepani. A Mkamwamwauchi anafotokoza kuti matenda akangoona mzere wofiira amachita mantha okha. Pokondwerera chozizwitsachi, Mfumu Yaikulu idzayendera chipatala cha Mulungualipo pamodzi ndi alendo ochokera kutsidya la nyanja, amene anathandiza ufumu ndi penti. Pankafunika okalamba owoneka bwino oti adzagwade m'mbali mwa khoma, ndipo pankafunika katswiri woti adzawatsogolere. Akuluakulu a mzinda sanavutike kuganiza. Anatuma uthenga kwa a Nachisale.

"Mwalemekezeka, anzanga," anatero Abiti Sumani. "Mukagwade bwino, mwina akakupatsani nsalu."

A Nachisale sanaseke. Anakabwerekanso wilibala ija.

Tsiku la mwambo chipatala chinatsukidwa mpaka chinanunkhira ngati chipatala. Odwala achinyamata anawabisa kuseri, kuopa kudetsa maso a alendo. A Nachisale anafika atavala nsalu ya nkhope ya mfumu, akukankha wilibala yofunditsidwa ndi nsalu inanso ya nkhope ya mfumu. Msilikali wa pachipata anawaimitsa.

"Agogo, muli chiyani umu?"

"Mphatso ya Mwini Dziko, mwanangu. Taikonza kwa miyezi."

Msilikaliyo anakwinya mphuno. "Ndi nyama yofutsa?"

"Yatsala pang'ono," anatero a Nachisale, ndipo anawalola kulowa.

Okalamba anandanda m'mbali mwa khoma, onse pansi pa mzere, imvi zili mbuu. A Nachisale anagwada kutsogolo, wilibala ili pambali pawo. Malipenga analira. Poyamba munalowa anyamata anayi atanyamula nsanja ya mfumu, chifukwa a Mkamwamwauchi anali atakumbukira usiku wathawo kuti popanda nsanjayo alendo angaone kuti mzere ndi mchombo sizikugwirizana. Mfumu inakwera, inatsamira khoma, ndipo mzere unalunjika ndendende pamchombo. Alendo anajambula zithunzi.

Nduna ya Zaumoyo inayamba kulankhula. Inati Pepani ndi dziko loyamba padziko lonse kugonjetsa ukalamba ndi chitini chimodzi cha penti. Inati maufumu ena atumiza kale nthumwi kudzabwereka chingwe. Inati, "Taonani makolo athuwa, alendo olemekezeka. Alipo amene akudandaula? Alipo amene ali ndi kanthu koti aonetse boma lake? Aonetse pamwamba pa mzere, achiritsidwa lero lomwe, pamaso pa Mwini Dziko!"

Inali mfundo yongokometsera mawu. Nduna inali itatsegula kale pakamwa kuti ipitirize pamene kunamveka kulira kwa mawondo, thee, thee, ngati nkhuni zouma. A Nachisale anali akuimirira.

Holo yonse inazizira. Amayi amene anaphunzira kugwada kwa iwo anabisa nkhope m'manja. Wina kumbuyo ananong'ona kuti, "Mayi aja apenga." A Nachisale anamva, ndipo manyazi anawatentha kuyambira kumapazi mpaka kumutu, manyazi enieni, oti akanatha kufa nawo. Koma anali ataimirira kale, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anavundukula nsalu ija. A Dafuleni anali chigonere chagada muwilibala, maso ali tuzu, chipewa chili pachifuwa mwaulemu.

"Abambo, limbani mtima," anatero a Nachisale.

Anawerama, anagwira mwendo wotupawo ndi manja awiri, anaukweza, nauika paphewa. Sunafike. Anaukwezanso, amuna awo akubuula, mpaka chidendene chinakhala pamutu pawo ngati mtolo wa nkhuni. Msongolo ndi bondo zinadutsa mzere wofiira. Phazi linaloza mfumu kumaso, chinthu chimene ku Pepani sachitira ngakhale galu wa mfumu. Nsanza zinamasuka n'kugwa, ndipo fungo linayenda m'holomo osasankha wolemekezeka.

"Mwini Dziko," anatero a Nachisale, "ichi chili pamwamba."

Mlendo wina anajambula chithunzi, mnzake anatulukira pakhomo atagwira pakamwa. A Mkamwamwauchi anameza malovu kangapo, koma uchi unali utauma. Mfumu inayang'ana phazi, inayang'ana alendo, inayang'ananso phazi. Inali mfumu yodziwa nthawi yoyenera kukhala ndi chifundo.

"Mukuyembekeza chiyani?" inabangula. "Simukuona kuti mwendo uwu ndi wa boma? Uchiritseni!"

M'manja munaombedwa. Anathamanga kukaitana dokotala, mayi wina wachete amene chaka chonse sanaloledwe kukhudza munthu waimvi. Anabwera, anagwada pambali pa wilibala, osati chifukwa cha mwambo koma kuti aone bwino. Anatobwanya apa ndi apo, anafunsa a Dafuleni ngati akumva kanthu kuzala. Sankamva.

"Amayi," anatero dokotalayo, "mwendo uwu wafa. Tikausiya utenga ndi mwini wake. Mukanabwera nthawi ya mvula, akanangofunika mankhwala ndi bandeji."

"Tinabwera," anatero a Nachisale. Analoza pansi, patsogolo pa tebulo la a Lekeleni, pamene simenti inali itasalala ndi mawondo a anthu. "Tinali apo."

Mfumu inali itatuluka kale, nsanja yake ikuitsatira pambuyo.

Mwendo uja anaudula pamwamba pa bondo. Boma linalipira zonse, tisaname, ndipo wailesi inalengeza nkhaniyi sabata yathunthu. A Mkamwamwauchi anapezanso mawu awo. Anauza dziko kuti bambo wina wa pamsika wa Tingotero, amene kale theka lake lokha ndilo linali m'manja mwa boma, tsopano gawo lake losatetezedwa lachepa kwambiri, ndipo ichi ndi chitukuko chooneka ndi maso.

A Dafuleni atatsitsimuka anayang'ana pansi pa bulangeti nthawi yaitali. Sanalire. Anangofunsa kuti, "Nachisale, makina aja unawafunditsa bwino? Fumbi limawononga." A Nachisale anati anawafunditsa, kenaka anatuluka panja kuti akalire okha.

Pakhonde la wodi anakumana ndi a Kamphinda, tayi yobiriwira ili pamalo pake.

"Amayi, pepani ndi zimene zachitika. Koma Mulungu satseka makomo onse. Popeza madala atsala ndi mwendo umodzi, kampani yaganiza zowachitira chifundo. Chishango cha Chidendene, mwendo wonse mpaka pansi, pa theka la mtengo wa anthu a miyendo iwiri. Mwayi wotere sumabwera kawiri."

"Ubwere kawiri kuti atsale opanda mwendo?" anafunsa a Nachisale. A Kamphinda anadikira kuti mayiyo agwade kuti akambirane bwino. Ataona kuti sizikuchitika anasokonezeka, nakumbukira kuti ali ndi msonkhano.

Ku Pepani chiwalo cha munthu sachitaya kudzala. Amachipereka kwa abale kuti akachikwirire kumudzi, chikadikire mwini wake. Choncho wantchito wa m'chipatala anabweretsa mwendo uja atakulunga m'pulasitiki, ndipo a Nachisale anaukulunganso m'nsalu ya nkhope ya mfumu, poti ina analibe. Unali wolemera kuposa mmene ankaganizira. Mwendo umenewu unawadyetsa moyo wawo wonse, unaphunzitsa ana awo sukulu, unavina pa ukwati wawo. Anapota nkhata, anausenza pamutu, nayamba kutuluka.

Njira yotulukira inkadutsa m'holo ija. Okalamba anali atadzazamo monga mwa masiku onse, chigwadire, kudikira kuuzidwa kuti palibe chimene chaonekera. Pakhoma panali mmisiri wa penti uja ali pamakwerero. Khonsolo ya nduna inali itakumana mwadzidzidzi n'kupeza kuti mchombo wa mfumu unayezedwa molakwika, mfumu isanavale nsapato zake za mwambo, choncho mzere unayenera kukwera kuti zamanyazi zija zisadzachitikenso. Mzere watsopano unkadutsa pamwamba pa mutu wa munthu woimirira. Koma mtolo wa pamutu pa a Nachisale unaupitirirabe, chidendene chili m'mwamba.

Anayenda pakati pa anthu ogwadawo ali chiimire, msana uli nga, ngati mkazi wochokera kumadzi. Ena anayang'ana kumbali. Ena anawatsatira ndi maso, ndipo gogo wina wa chifuwa cholira anagwira khoma ngati akufuna kuyesa mawondo ake. A Lekeleni anadzutsa mutu patebulo.

"Agogo! Mwaiwala kodi? Mukudutsa patebulo la boma. Gwadani."

A Nachisale anaima, anatembenuka pang'onopang'ono kuti mtolo usagwe.

"Ndikanakonda, bwana," anatero. "Koma mwendo wa amuna anga wangolowa kumene m'Chishango. Ndikagwada utulukamonso."